Chaka Chimene Tinakana Kuchoka ku Chama

Tinafika ku Chama mwezi wa Okutobala, pa lole ya munthu wina amene ankapita kukagula mpunga. Ine ndinali nditangolembedwa kumene ntchito ya ulangizi wa zaulimi, mkazi wanga anali ndi mwana wa miyezi isanu kumsana, ndipo katundu wathu yense anakwana m'matumba atatu ndi beseni limodzi. Tinachokera ku Chipata, kumene tonse awiri tinakulira. Kuyambira ku Lundazi msewu unali wafumbi, koma kamphepo kankawombabe, ndipo tinkacheza bwinobwino ndi anzathu a pa ulendo. Kenako lole inayamba kutsika.

Kutsika kumeneko sindidzakuiwala. Mapiri anangotseguka, ndipo kunsi kwathu kunayala dziko lalikulu lathyathyathya, lotuwa ngati phulusa, mpaka pamene maso analephera. Mitengo inali itayoyola masamba onse. Mpweya unkanjenjemera pamwamba pa nthaka monga umachitira pa uvuni ya njerwa. Tikatsika pang'ono kutentha kunkawonjezeka, mpaka chitsulo chimene ndinkagwirira chinayamba kuwotcha m'manja. Mkazi wanga anavundukula mwana, namupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, kenako anandiyang'ana.

"Atate ake mwana, kodi munawalakwira chiyani akuluakulu a kuntchito kwanu?"

Ine ndinaseka. Iye sanaseke.

Boma ya Chama, ndiye kuti tauniyo, masiku amenewo munkatha kuizungulira yonse musanamve ludzu kawiri. Panali maofesi owerengeka, chipatala, sukulu, timasitolo tingapo ndi msika wa zisakasa za udzu. Magetsi anali a jenereta, ndipo ankafika m'nyumba zochepa. Nyumba za boma zinali zitadzaza, choncho tinapeza zipinda ziwiri kwa mkulu wina wa Chisenga, mlimi wa mpunga, wamtali, wowonda, amene pa unyamata wake anali mlenje. Aliyense ankamutchula kuti adada, ndipo ifenso tinatengera pomwepo. Chinyanja ankachiyankhula pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda ndi nsapato zobwereka, ndipo mawu akamuthawa ankangoikapo a Chisenga n'kutisiya kuti tidzipezere tokha tanthauzo.

Tsiku lachitatu anandipeza masana ndikulimbana ndi kukhoma mashelefu, malaya atanyowa ngati ndagwera mumtsinje.

"Alangizi, lekani. Khalani pansi apa."

"Ndimalize kaye, adada."

"Mumaliza madzulo. Kuno chihanya sitilimbana nacho. Chikakwera, ise tikhala pansi. Chikatsika, ise tinyamuka."

Chihanya ndilo dzina lawo la dzuwa la chilimwe, ndipo ankalitchula mwaulemu, monga mmene munthu amatchulira mpongozi wovuta. Adada ndi akazi awo anatiphunzitsa zambiri. Anatiuza kuti tizidzuka kusanache, tizigwira ntchito zolemetsa dzuwa lisanafike pamutu. Anatisonyeza kukulunga mtsuko ndi chiguduli chonyowa kuti madzi azizire. Mwana atatuluka tizilonda ta thukuta m'khosi, amayi a nyumbayo anamusambitsa ndi madzi a mumtsuko katatu pa tsiku, osamuveka kanthu, mpaka tinauma. Koma ngakhale zinali choncho, chaka choyamba chisanathe ndinalemba kalata yopempha transifa. Mkazi wanga ndiye anagula envelopu. Chaka chachiwiri ndinalembanso, chachitatunso chimodzimodzi. Yankho silinkabwera, ndipo kulembako kunangosanduka mwambo wa m'nyumba mwathu, monga kuphera nkhuku Khirisimasi.

Chimene sindinkamuuza mkazi wanga n'chakuti chigwacho chinali chitayamba kundigwira mtima. Ntchito yanga inali ya m'minda, ndipo ndinkayenda pa njinga yamoto ya ku ofesi, nthawi zina pa njinga yakapalasa. Ku Kambombo ndinkaona chimanga chotalika kuposa ine pa nthaka imene sinalawepo feteleza. Ku Tembwe, mvula ikagwa, dambo limene mu Okutobala linali long'ambika ming'alu yolowa phazi linkasanduka mpunga wobiriwira kuchokera pamene ndaima mpaka kumene mtambo wakhudza pansi. Nthawi yokolola fungo la mpungawo linkandichingamira ndisanafike n'komwe m'mudzi. Kwathu kumtunda mbewu imakula monyengerera. Kuno zonse zinkachitika mopitirira muyeso, dzuwa, mvula, udzu, ngakhale udzudzu.

Tsiku lina m'mawa ndikupita ku Chikwa, mlimi amene ndinamukweza kumbuyo anandigwira paphewa nati, "Zimitsani." Ndinazimitsa injini. Poyamba sindinaone kanthu, mitengo ya tsanya yokhayokha. Kenako chimene ndinkayesa chulu chinasuntha. Zinali njovu, zazikulu ndi ana, zikudutsa msewu patsogolo pathu mosafulumira. Chinandidabwitsa kwambiri chinali bata lake. Nyama zolemera chotero, koma phazi silinkamveka pansi. Yomaliza inaima pakati pa msewu, natiyang'ana, nakupiza makutu kamodzi, n'kutsatira zinzake. Ndinapeza kuti ndavula chipewa osadziwa.

"N'zokongola," ndinatero.

"Ee, n'zokongola," anatero mlimiyo. "Zikuchokera kumunda kwanga."

Titafika tinapezadi chimanga chake chagona pansi, theka la munda latha. Anayenda m'mizere akutola zitsononkho zotafunidwa. Ine ndinali ndi kope la malangizo m'manja, koma munalibe tsamba lonena za zimenezi.

Chovuta chachikulu cha ku Chama sichinali kutentha ayi. Unali msewu. M'chaka chathu chachisanu ndi chimodzi, mwezi wa Febuluwale, mvula inagwa masiku anayi osalekeza. Lachisanu m'mawa mlongo wanga anandiimbira foni kuti amayi amwalira ku Chipata. Ndinathamangira pa siteshoni. Panalibe galimoto. Madalaivala anali atangokhala pakhonde la sitolo, ndipo mmodzi anandiuza kuti mtsinje wina wa panjira wasefukira, malole aima mbali zonse ziwiri. Ndinabwereka njinga yamoto n'kupita kukadzionera ndekha. Madzi anali ofiira, akunyamula mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kenako ndinabwerera.

Nditayandikira kunyumba ndinamva nyimbo za maliro. Ndinaganiza kuti kwa aneba kwagwanso zovuta. Koma anthu anali pabwalo pathu. Mipando inali itatulutsidwa m'nyumba. Azimayi anali atadzaza m'chipinda chochezera, atazungulira mkazi wanga, akulira. Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango, ndipo adada anaimirira, nandigwira dzanja, nandikhazika pakati pawo.

"Adada, mtembo suli kuno," ndinatero. "Amayi sanafikeko kuno n'kamodzi komwe."

"Tidziwa," anatero iwo. "Koma mwana wawo ali kuno. Alire yekha ngati alibe anthu?"

Anakhala nafe masiku awiri. Ena anabweretsa nkhuni, ena mpunga, wina anabwera ndi mbuzi kuchokera ku Kambombo, ataimangirira pa njinga. Ambiri sindinkawadziwa. Anali alimi amene mwina ndinawapatsapo moni kamodzi pa msonkhano. Ankaimba m'Chitumbuka ndi m'Chisenga, akulirira mayi amene sanamuonepo nkhope, ndipo misozi yawo inali yeniyeni. Tsiku lachitatu madzi atatsika, amuna anayi anandiperekeza mpaka pa mtsinje paja, nandiwolotsa atandigwira uku ndi uku, chikwama changa chili pamutu pa mmodzi wa iwo. Ku Chipata ndinapeza manda atawundidwa kale, nkhata zitayamba kufota. Nditabwerera ndinalemba kalata ya transifa yaitali kuposa zonse, ndipo ndinailemba ndi mkwiyo.

Zaka zimene zinatsatira, tauni inayamba kukula, ndipo sindingathe kuloza tsiku limene inayambira. Magetsi a mawaya anabwera. Pa mtsinje wa Luangwa panamangidwa mlatho, ndipo pamsika tinayamba kumva Chibemba cha anthu ogula mpunga ochokera kutsidya. Makina opunthira mpunga anayamba kulira mbali zonse za boma kuyambira m'mawa. Munthu unkapita kumidzi sabata imodzi, pobwera n'kupeza pamene panali tchire pali maziko a nyumba, sabata inayo zipupa, mwezi usanathe malata akuthobwa m'maso. Njinga zamoto zonyamula anthu zinachuluka ngati ngumbi. Aphunzitsi ndi anamwino amene kale ankafika ndi chikwama chimodzi, okonzeka kuthawa, anayamba kufunsa mtengo wa mapuloti. Ndinkaima pa njira imene ndinkadutsa tsiku lililonse n'kumadzifunsa kuti anthu onsewa anali kuti. Zinali ngati dambo la ku Tembwe mvula yoyamba ikagwa, zonse zimene zinabisala pansi zikutulukira nthawi imodzi.

Mkazi wanga sanaime n'kumadabwa ngati ine. Magetsi atangofika pa nyumba ya adada, anagula furiji yakale kwa namwino wina amene ankasamuka. Anayamba ndi madzi ozizira a m'mapulasitiki, kenako maheu, kenako timadzi ta malambe towumitsa timene ana a sukulu ankatilimbirana. Patapita nthawi anagwirizana ndi azimayi atatu a ku Tembwe. Iwo ankabweretsa mpunga, iye ankaupunthitsa, kuupeta, kuulongedza m'matumba n'kuutumiza pa basi kwa achibale ake ku Chipata. Chisenga anachiphunzira pamsika, ndipo ankachiyankhula mwaliwiro moti ogula ankamufunsa kuti kwawo ndi mudzi uti. Ine mpaka lero ndimangomva, poyankha ndimabwerera ku Chinyanja. Tinaberekanso ana awiri, onse obadwira mu chihanya, amene akapita ku Chipata amadandaula kuti kukuzizira.

Kalata inabwera titatha zaka khumi ndi chimodzi. Inali yaifupi. Inkati pempho langa lavomerezedwa, ndikayambe ntchito ku Chipata kumayambiriro kwa chaka. Unali mwezi wa Okutobala ngati umene tinafikira, ndipo ndinayenda wapansi kuchokera ku ofesi dzuwa lili paliwombo, osalimva n'komwe. Mkazi wanga ndinamupeza pakhonde akusoka pakamwa pa thumba la mpunga. Ndinamupatsa kalatayo. Anaiwerenga, naipinda bwinobwino, naiika pansi pa sikelo kuti isauluke, n'kupitiriza kusoka.

"Amake mwana, mwaiwerenga?"

"Ndaiwerenga."

"Ndiye tikupita kwathu."

"Manje?" anatero. "Manje, patapita zaka zonsezi, ndi pamene akumbuka?"

Ndinakhala pa thumba lina. Ndinayamba kumukumbutsa zonse, ndipo zinali zambiri. Malungo amene ankagwira ana dzinja lililonse. Mwezi wa Novembala, pamene munthu umagona pa simenti n'kudzuka utasiya chithunzi chako cha thukuta. Msewu wa ku Lundazi umene unkatithyolabe msana. Shuga, sopo ndi simenti zimene zimafika kuno zitakwera mtengo chifukwa cha ulendo. Mwana wathu woyamba amene anali pafupi kupita ku sekondale, ndipo ku Chipata sukulu n'zambiri zosankhapo. Mijigo imene masiku ano inkakhala ndi mizere yaitali chifukwa anthu achuluka kuposa madzi. Pomaliza ndinatchula amayi.

Apo anasiya kusoka.

"Za amayi ndikuzikumbuka," anatero. "Inu mumakumbuka mtsinje. Ine ndimakumbuka amene anandigwira pamene ndinkagwa pansi m'chipinda umu. Ku Chipata tinakhala pa lendi zaka ziwiri, mwana wa aneba anamwalira, ife tinamva patapita masiku atatu. Mwaiwala?"

Sindinaiwale.

"Ndipo kutentha mukukunenaku," anapitiriza, "ndiko kukugulitsa madzi anga. Kwathu ndikakagulitsa chiyani? Kumeneko aliyense ali ndi furiji, aliyense ali ndi sitolo, malo onse ali ndi eni ake. Kuno zinthu zikuyamba kumene. Munthu ukadzala kanthu umakaona kakumera."

"Ndinu amene munkagula maenvelopu."

"Ndinali ine. Ndinali mwana, ndinali ndi mantha. Inu pitani mukafuna, muzibwera pa holide."

Ananena mosakweza mawu, ndipo ndinadziwa kuti sakuseka. Ndinamuyang'ana mayi ameneyu, manja ake atayera ndi fumbi la mpunga, akuyankha moni wa Chisenga kwa munthu wodutsa pamsewu, ndipo ndinadabwa kuti wasintha liti ine ndili pomwepo.

Sabata imeneyo sindinagwire ntchito bwino. Ndinkapita kumidzi maganizo ali kwina. Tsiku lina ndinkadzuka nditatsimikiza kuti tikupita, pofika masana ndasintha. Mlongo wanga ankaimba foni tsiku lililonse kuti wandipezera kale nyumba. Anzanga a ku ofesi ankati ndine wamwayi, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndingamugulitse bedi.

Loweruka ndinapita kwa adada. Anali atakalamba, sankapitanso kumunda, ankangokhala pansi pa mango akuluka mphasa. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka kuluka.

"Ine sindingakuuzeni kuti khalani," anatero. "Kuno n'kowawa. Ine ndinabadwira kuno, ndiye sindidziwa kwina. Komanso boma iyi ikukula, ine indiopsa. Mitengo yatha, aotcha njerwa. Chihanya cha manje chiposa cha kale. Ana a masiku ano apita pa honda, njinga zamoto zija, sapereka moni. Mawa anthu adzachuluka, maliro adzakhala a pa banja pokha ngati kwanu."

"Ndiye mukuti tipite?"

"Sindinatero. Ndati indiopsa. Koma m'mawa uliwonse ndiuza mdzukulu anditulutsire mpando kumsewu, ndione chimene amanga lero. Nditafa dzulo sindikanaona." Anaseka pang'ono. "Inu muli ndi maso abwino kuposa anga."

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri lotsatira, cha m'ma thili koloko masana. Ndinali pamsika. Kuyambira m'mawa kunja kunali chitungu choti mbalame zinali zitangoyasama m'mitengo. Kenako kum'mawa kunada bii, mphepo inanyamula fumbi ndi mapepala n'kuzizunguza pamwamba pa masitolo, ndipo madontho oyamba anagwa akuluakulu, otentha. Atafika pa malata atsopano a tauni yonse nthawi imodzi, mkokomo wake unali woti munthu sungamve mnzako ali pambali pako. Zaka zoyamba zija mvula inkagwera pa udzu, mwakachetechete. Tsopano tauni yonse inkalira ngati ng'oma imodzi. Palibe anathawira pakhonde. Azimayi ogulitsa tomato anangoima, manja atatambasula, nkhope zili kumwamba. Nthaka inatulutsa nthunzi ndi fungo lija limene munthu sungalifotokoze kwa amene sanapsepo miyezi itatu akuliyembekeza. Ndinaima pakati pawo, mapepala a ku ofesi akunyowa m'thumba la malaya, ndipo ndinazindikira kuti sindikufuna kumva za malo ano kuchokera kwa anthu ena.

Mawa lake ndinalemba kalata yothokoza ndi kupempha kuti transifayo aipereke kwa wina. Abwana anga anaiwerenga, navula magalasi, nandifunsa ngati ndili bwino m'mutu. Mlongo wanga anakhala miyezi iwiri osandiyankhula. Mnzanga uja wa bedi ndiye anapita m'malo mwanga, ndipo akuti ananenepa.

Sindinganame kuti zonse zinayenda bwino. Mwana wathu woyamba tinamutumiza ku sukulu yogonera komweko kumtunda, ndipo nyumba inakhala ngati yaguluka dzino. Dzinja la chaka chomwecho wamng'ono anadwala malungo mpaka kugonekedwa m'chipatala, ndipo nditakhala pambali pa bedi lake ndinadzifunsa ngati sindinalakwitse. Anachira. Funsolo limabwerabe nthawi zina, makamaka mu Novembala.

Tinapeza puloti kumapeto kwa tauni, kumene kunali kusanafike nyumba zambiri. Pamene tinkamaliza kukhoma malata, kumapetoko kunali kutasanduka pakati. Tsiku lolowa m'nyumba ndinapita kukawatenga adada pa njinga yamoto kuti adzaione. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono, iwo atandigwira m'chiuno, akutembenuka uku ndi uku. Tinadutsa tchalitchi chatsopano, chigayo, sukulu ya mkaka yopakidwa utoto wachikasu, ndi mzere wa nyumba zimene zinalibe ngakhale zitseko koma anthu akukhalamo kale. Titafika anatsika, naima pabwalo atatsamira ndodo, nayang'ana mbali zonse nthawi yaitali.

"Alangizi, pano ndi pati?"

Ndinawauza dzina limene anthu apatsa dera lathulo. Anapukusa mutu, dzinalo sankalidziwa. Kenako anaona mlambe waukulu umene uli kuseri kwa mpanda wa aneba athu, nayenda pang'onopang'ono kukafika pamene akanatha kuuona wonse.

"Uwu ndiudziwa," anatero. "Apa ndinagonapo pamimba tsiku lathunthu, njati zili apo pali khitchini yanu. Kuchoka pano kufika kunyumba unali ulendo."

Mkazi wanga anatuluka ndi mpando ndi kapu ya madzi ozizira, nagwada powapatsa. Anamwa theka, nagwira kapuyo ndi manja awiri, akumva kuzizira kwake. Kenako anapempha kuti mpandowo tiutembenuzire kumsewu, kumene anthu ena ankatsitsa njerwa pa ngolo.